Besi yolindima ija: zomwe ndapeza nditapima chipinda

Masabata awiri apitawo ndinafunsa chifukwa chake besi (mawu otsika, aakulu) ya masipika anga imalindima pa manotsi ena, ena n'kumasowa, komanso ngati equalizer ya pakompyuta, pulogalamu yokweza kapena kutsitsa zigawo za mawu, ingathandize. Zikomo inu amene munandilangiza kuti ndiyambe ndapima ndisanagwire chilichonse.

Ndinapima ndi REW (Room EQ Wizard), pulogalamu yopimira mmene mawu amamvekera m'chipinda, maikolofoni ili pomwe pamakhala mutu wanga ndikamamvetsera. Mawu anali amphamvu kwambiri pa 43 Hz, kenako pa 86 Hz (Hz ndi chiwerengero cha mafunde a mawu pa sekondi). Vuto silinali masipika ayi, linali chipinda: mawu amagunda makoma n'kumabwerera, ndipo ena amawonjezerana mphamvu malinga ndi kutalika kwa chipindacho. N'chotalika mamita 4, ndipo mukagawa liwiro la mawu, mamita 343 pa sekondi, ndi mamita 8 a kupita ndi kubwera, mupeza pafupifupi 43 yemweyo. Mu Equalizer APO, yomwe ndi equalizer ya pakompyuta, ndinatsitsa malo awiriwo ndi mafyuluta opapatiza, ina 6 dB, ina 4 dB (dB ndi muyeso wa mphamvu ya mawu). Kulindima kuja kunatheratu, moti tsopano notsi iliyonse ikumveka payokha. Mtima wanga wakhala pansi.

Pomwe zinakanika ndi pa 120 Hz, pamene mawu amazimirira. Ndinayesa kukweza ndi fyuluta ina, koma pamenepo mafunde amafafanizana okhaokha, ndiye sipika imangovutika pachabe. Ndinachotsa fyulutayo n'kusendeza masipika kufupi ndi khoma, ndipo zinasinthako. Dziwaninso kuti zonsezi zikumveka bwino pampando wanga pokha; ndikaima pakona, besi ikadali yambiri.