Mphete ya palladium kwa munthu wodana ndi nickel: ndigule kapena ndisiye?

Chatsalira: Akuluakulu, ndikufunafuna mphete yaukwati, koma chibwenzi changa akavala ndolo zotchipa makutu amatupa n'kumatuluka madzi, ndipo ngakhale batani la jinzi limawasiyira zidzolo pansi pa mchombo. Wogulitsa pa sitolo ina kuno ku Johannesburg akundiuza kuti ndigule ya palladium, chitsulo choyera chamtengo wapatali, ya R9,000, chifukwa mulibemo nickel, chitsulo chimene chimawayabwitsacho. Kodi ndalama imeneyi ndiilipire?

Nangondo: Achimwene, ogulitsa mphete musamawamvere. Ine anandigulitsa ya golide woyera pa R14,000 atandilumbirira kuti siyabwitsa, osandiuza kuti kuwala kwake kunali kwa chitsulo cha rhodium chongopaka pamwamba. Rhodiumyo atafufutika, chala chinafiira mozungulira, khungu n'kuyamba kusupuka, ndipo nditabwerera komweko ndi lisiti anandiyankha kuti vuto ndi sopo amene ndimachapira. Mpheteyo ili m'kabati mpaka lero.

Mphepo ya Mwera: Ine akazi anga ndinawagulira ya platinum 950 ku London, ndipo sindinafunse n'komwe mtengo wake. Palladium ndi wa anthu ofuna kuoneka ngati avala platinum.

Kalulu wa ku Tembisa: Bwana, musanyoze chitsulo chimene mu March 2022 chinadutsa madola 3,000 pa ounce, pamene platinum wanuyo sanafike ngakhale theka la mtengowo. Koma a Chatsalira, mukuvutikiranji? Pamsika mphete ya stainless steel ili pa R250, mulibe nickel, ndipo zotsalazo mugulire mbuzi za pachinkhoswe.

Mayi a Mapasa: A Kalulu, pamenepo mwasokeretsa munthu. Stainless steel wa mtundu wa 316L, amene amapangira mphete zambiri, amakhala ndi nickel pakati pa 10 ndi 14 peresenti. Kungoti chitsulocho chimagwira nickelyo zolimba, motero ambiri savutika naye, koma ena amavutika ndithu.

Funso la a Chatsalira silinayankhidwe. Wogulitsayo sananame kuti palladium si nickel, koma zitsulo ziwirizi, pamodzi ndi platinum, zili m'gulu limodzi la zitsulo zofanana chikhalidwe, ndipo chitetezo cha m'thupi chimatha kusokoneza palladium ndi nickel. Pafupifupi aliyense wopezeka kuti amadana ndi palladium amadananso ndi nickel, ndipo mwa odana ndi nickel ena ndithu amapezekanso ndi vuto la palladium. Musanalipire, pitani ndi chibwenzi chanu kwa dokotala wa khungu akapimidwe. Amamata timapepala tokhala ndi mchere wa zitsulozi pamsana, amatichotsa pakatha maola 48, kenako amaonanso patapita masiku ena chifukwa palladium nthawi zina amachedwa kuonetsa kufiira. Mufunsenso ngati m'kamwa mwawo muli dzino lovekedwa chitsulo, popeza palladium amasakanizidwa kwambiri m'zovindikira mano, ndipo kwa odana naye m'kamwa mumawotcha, nkhama zimafiira, mwinanso m'kati mwa tsaya loyang'anizana ndi dzinolo mumatuluka timizere toyera.

Nangondo: Kupimako kumadya ndalama zingati? Mwina kumaposa mphete ya a Kalulu kakhumi, ndiye tidzangosamuka kuchoka kwa wakuba wina kupita kwa mnzake.

Kalulu wa ku Tembisa: Ndiye agule ya titanium. Ndinaiona pa R600, ngakhale mlamu wanga akuti yake anagula R1,800.

Mayi a Mapasa: Titanium sakonda kuyabwitsa khungu, koma mpheteyo sikuzidwa mosavuta chala chikanenepa, ndipo mkwatibwi akadzakhala woyembekezera mudzakumbukira mawu angawa.

Mphepo ya Mwera: R9,000 pa palladium ndi yochepa modabwitsa. Muonetsetse chidindo cha 950 m'kati mwake, chosonyeza kuti 95 peresenti ndi palladium, chifukwa ilipo ya 500 imene theka lake ndi zitsulo zina.

Chatsalira: Chibwenzi changa ndawafunsa, akuti ali nalo dzino lotero la kumbuyo, koma sakudziwa chitsulo chimene anaikapo. Komanso akuti titanium ndi wa amuna, iwo akufunabe ya palladium yomweyo.

Kalulu wa ku Tembisa: Ndiye munatifunsiranji, achimwene?