Malaiti a sola pamsewu wathu akuzima pakati pa usiku, thandizeni

Muli bwanji nonse a m'gulu lino, makamaka akatswiri a zamagetsi.

Ndikulemba kuchokera ku Mchini kuno ku Chipata. Load shedding itavuta mu 2024 chifukwa madzi anachepa ku Kariba, anthu a mumsewu mwathu tinasonkha ndalama n'kugula malaiti a sola a LED a 60W, aja okhala ndi panelo ndi batire pamodzi. Poyamba ankayaka mpaka m'bandakucha. Tsopano amazima cha m'ma 23:00, ndipo amayi amene amalawirira kukapikula ndiwo ku msika wa Kapata amayenda mumdima. Zimenezi n'zomwe zikundisowetsa mtendere.

Tinapukuta mapanelo fumbi, tinadula nthambi za mango zomwe zimaphimba dzuwa, tinachepetsanso kuwala pa remote. Palibe chasintha. Wogulitsa uja anangoti ndi mitambo, koma ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo zinali chimodzimodzi, ndiye ine sindikukhulupirira.

Funso langa n'lakuti, kodi batire ya lithium yatha mphamvu kapena vuto lili pa controller, kachipangizo kamene kamayendetsa kuchaja kwa batire? Tingayeze bwanji tisanataye ndalama zina?

Ena akuti tilumikize ku magetsi a ZESCO. Ndikudziwa kuti malaiti a m'misewu ali m'manja mwa khonsolo ndipo mitengo ya magetsi imavomerezedwa ndi ERB, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Nanga ife eni dera timaloledwa kukhala ndi mita yathu, kapena tidzere kwa khansala kuti ntchitoyi ilowe mu CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha m'dera? Amene munadutsapo njira imeneyi, chonde tiuzeni poyambira.