Thandizeni: shawelo ya khanda la ku Dedza ndiluke ndi ulusi wanji?

Membala wobisa dzina

Moni nonse amayi ndi abambo a pa gulu lino. Ndabisa dzina chifukwa nkhaniyi ikukhudza mlamu wanga amene ali woyembekezera, ndipo kwathu za mwana wosabadwa sitilengeza pabwalo. Akuyembekezeka kuchira mu June, ndi mwana wawo woyamba, ndipo amakhala kumudzi ku Dedza. Amene munagonako kumeneko mwezi umenewo mukukudziwa kuzizira kwake.

Kuluka ndi singano ya crochet ndinaphunzira kwa amayi a Mvano ku tchalitchi kwathu, koma zomwe ndazolowera ndi madoyilo a pamipando ndi tizikwama. Pano mtima wanga uli pa kumulukira mwanayu shawelo, kachipewa ndi tinsapato. Ulusi ndinagula ku Limbe, wofewa bwino, pa kapepala kake palembedwa 100% acrylic ndi DK (kutanthauza ulusi wapakatikati, wosaonda kwambiri komanso wosanenepa kwambiri), ndipo shawelo ndinaiyamba kale. Chandiimitsa ndi mawu a mnzanga wa ku ntchito. Akuti ulusi umenewu sugwirizana ndi moto komanso susitidwa. Mlamu wanga amawotha mbaula m'nyumba, ndipo apongozi ake salola kuti chovala cha mwana chimukhudze chisanadutse pa simbi ya makala, poopa mphutsi. Ndiye ndikuluka chinthu choti chikamuvulaza mwana, kapena choti chikapsa tsiku loyamba kuchapidwa?

China, shaweloyo ikunka ichepa m'lifupi pamene ndikukwera, m'mbali mwake simukuwongoka. Komanso maluwa amene ndinasankha ali ndi mabowo oti chala changa chikulowa. Ndipitirize kapena ndimasule? Ndithandizeni chonde, nthawi ikutha.

Mayi wa ku Mzuzu

Asisi, ndiyambe ndi za m'mbalizo chifukwa ndi zosavuta. Mukutaya sitichi kumapeto kwa mzere. Mukamaluka double crochet, sitichi yaitali ija, mumakwera ndi matcheni 3 potembenuka, ndipo matcheni amenewo amawerengedwa ngati sitichi yoyamba. Pobwerera muyenera kulowetsa singano pamutu pa tcheni yachitatuyo. Ambiri amaidumpha chifukwa imabisala, ndiye mzere uliwonse sitichi imodzi ikusowa. Kolekani kapini kapena kaulusi ka mtundu wina pa sitichi yoyamba ndi yomaliza, muzikasuntha mzere uliwonse. Werenganinso masitichi a mzere wanu woyamba ndi a mzere umene muli panopa. Ngati nambala ndi yomweyo koma ikuchepabe, ndiye kuti dzanja likunka likoka ulusi mwamphamvu.

Membala wobisa dzina

Ndawerenga, mayi. Asowa 7.

Mayi wa ku Mzuzu

Ndiye masulani mpaka pamene nambala inali yokwana. Musamve chisoni, ulusi suwonongeka ndi kumasula. Ena adzakuuzani kuti mudzabise ndi mkombero pomaliza, koma mkombero umangotsatira kupendekeka komweko.

Namwino wopuma pa ntchito, Zomba

Mwana wanga, wafunsa bwino ndipo wafunsa nthawi yake. Poti ukumasula kale, sinthanso maluwawo. Khanda limatambasula ndi kufumbata tizala nthawi zonse, kachala kakalowa m'bowo n'kupotokola ulusi, magazi amasiya kuyenda bwino, ndipo mayi amangomva kulira osadziwa pomwe pakupweteka. Tsitsi la mayi lothothoka limachitanso zomwezo pa tizala ta kumapazi, n'chifukwa chake tinkawauza amayi kuti azitembenuza timasokosi n'kuchotsa tiulusi ta m'kati. Bowo loti chala chako chalowa, cha mwana chilowa ndi dzanja lomwe. Sankha maluko othithikana.

Usaike mikanda, mabatani, mphonje kapena riboni yaitali yomangira pakhosi. Ndikudziwa kuti zimakongola pa chithunzi, koma mwana akafika poika chilichonse m'kamwa, batani losokedwa pa ulusi silichedwa kuthothoka.

Za moto mnzakoyo wanena zoona. Acrylic ndi wopangidwa ku mankhwala a mafuta, akapsa amasungunuka n'kumatirira pakhungu, ndipo bala lake limakhala loipa. Koma tisanamizane, chitenje cha thonje nachonso chimayaka. Mwana asayandikire mbaula, kaya wavala chiyani. Ndipo chimene ndimaopa kwambiri pa mbaula si malawi ayi, ndi mpweya wa makala. Ulibe fungo, suoneka, ndipo m'nyumba yotseka mazenera umapha anthu ali m'tulo, khanda ndiye limayamba. Ukamapereka shaweloyo ukawauzenso alamu akowo kuti mbaula izituluka panja asanagone.

Agogo a ku Ntcheu

Ife ana athu tinawalera ndi zoluka zomwezi, palibe anapsa. Mwana wa mu June amafuna kufundidwa zolimba, mutu ndi mapazi, usiku ndi usana. Mphepo ikalowa pa liwombo ndi chibayo chimenecho. Lukani yokhuthala, adzukulu.

Namwino wopuma pa ntchito, Zomba

Agogo, pa kufunda ndikugwirizana nanu, khanda limataya kutentha msanga, makamaka kumutu ngati langobadwa kumene kapena labadwa masiku asanakwane. Kuno ku Zomba Central Hospital ndi kumene njira ya kangaru inayambira m'Malawi muno mu 1999, ndipo mwana wa pa kangaru amavala thewera, kachipewa ndi timasokosi, n'kumangidwa pachifuwa pa mayi khungu kukhudzana ndi khungu. Chomwe chimamutenthetsa kwenikweni ndi thupi la mayi wake. Pamene ndikusiyana nanu ndi pa usiku. Chofunda cholemera chikakwera n'kuphimba mphuno, khanda lilibe mphamvu yochikankha. Agone chagada, chofunda chilekeze m'chifuwa, nkhope ikhale poyera. Ndi bwino shawelo yopepukirapo pamwamba pa zovala ndi chitenje kusiyana ndi chibulangeti chimodzi chokhuthala, chifukwa kukatentha umachotsako chimodzi. Mukamugwira kumbuyo kwa khosi n'kupeza thukuta, mwamufunditsa mopitirira.

Agogo a ku Ntcheu

Zakumveka, anamwino. Kunkhope ayi, ifenso sitinkaphimba. Koma chipewa chokha alukire ziwiri, china chikachapidwa ku Dedza sichiuma tsiku limodzi.

Mayi woluka zogulitsa, Lilongwe

Ine ndikufuna ndikhazikike pa za simbizo chifukwa ndi pamene pagona nkhani, ndipo makasitomala anga ambiri amabwerera ndi dandaulo lomweli. Acrylic akakhudzana ndi simbi yotentha amaphwatalala, amayamba kunyezimira, kufewa kwake kumatheratu ndipo sikubwereranso. Simbi ya makala ndiye simungaichepetse moto mmene mukufunira, dontho la phulusa lotentha limaboola pomwepo. Koma apongoziwo musawaone ngati ovuta. Ntchentche ya mphutsi ija imaikira mazira pa dothi lonunkha mkodzo ndi pa zovala zonyowa zimene zayanikidwa pansi kapena pamthunzi, makamaka ngati fungo la mkodzo silinachoke bwino. Mazira amaswa m'masiku osapitirira 3, ndipo timphutsito timatha kudikira pa nsaluyo masiku oposa sabata mpaka titapeza khungu. Zovala za khanda ndiye zimene imazikonda. Kusita kumapha zonsezo, agogo athu sanalakwitse.

Ndiye muli ndi njira ziwiri. Mukapitiriza ndi acrylic, shaweloyo ikhale ya pamwamba, mwana akulungidwe kaye mu chitenje chosita. Ikachapidwa itsukuluzidwe mpaka sopo ndi fungo zithe, ifinyidwe mosapotokola, iyanikidwe padzuwa lenileni pamalo okwera, osati pa udzu kapena pa mpanda wa mthunzi. Kapena iumire m'nyumba, itayalidwa pa tebulo n'kuphimbidwa ndi neti. Musaipachike ndi nsonga imodzi pachingwe ili yonyowa, kulemera kwa madzi kumaikoka n'kutalika mbali imodzi.

Njira ina ndi ulusi wa thonje. Umasitidwa ndi simbi iliyonse, umapirira kuchapidwa kawirikawiri, suchita timaubweya. Kuipa kwake sufunda ngati acrylic, ndi wolemera, uuma mochedwa, ndipo umatopetsa manja poluka chifukwa sutamuka. Ndikanakhala inu, tizipewa ndi tinsapato, zimene zimakhudza khungu, ndikanaluka ndi thonje kuti apongozi azisita mtima uli m'malo. Shawelo ndikanapitiriza ndi ulusi mwagula kalewo. Ine ndimalemba kapepala ka kachapidwe m'Chichewa n'kukakoleka ndi pini pa chilichonse chimene ndagulitsa. Inunso chitani choncho, ndipo mukawafotokozere apongoziwo pakamwa mwaulemu, chifukwa masabata oyamba ochapa adzakhala iwowo, osati mlamu wanu.

Membala wobisa dzina

Zikomo kwambiri mayi, izi ndi zimene zinkandisowetsa tulo. Nanga maluko othithikana amene anamwino anena ndi ati, oti munthu wozolowera madoyilo angawathe?

Mchemwali wa ku Johannesburg

Achemwali, sakani moss stitch pa YouTube, ena amaitchula linen stitch. Ndi single crochet (sitichi yaifupi) imodzi, tcheni imodzi, kudumpha sitichi imodzi, kubwereza mpaka kumapeto. Mzere wotsatira mumalowetsa singano m'mipata ya matcheni aja. Imatuluka yofewa, yosalimba ngati mphasa, timabowo take ndi tating'ono, ndipo m'mbali mumawongoka mokha. Imachedwa kukwera poyerekeza ndi double crochet, ndiye ngati June wakupanikizani tengani half double crochet, sitichi yapakati pa yaifupi ndi yaitali. Pa ulusi wa DK singano yake ndi 4 mm, koma ngati dzanja lanu limakoka, monga mmene amachitira ambiri ozolowera madoyilo a ulusi woonda, kwerani pa 4.5 mm.

Samalani ndi mavidiyo. Chimene a ku America amati single crochet, a ku Britain amati double crochet, ndipo mapatani ambiri a kuno ku South Africa amatsatira a ku Britain. Muzionetsetsa zimene manja akuchita musanakhulupirire dzina.

Shawelo ya masentimita 75 m'lifupi ndi 100 m'litali imadya mipukutu 4 kapena 5 ya magalamu 100. Ngati ikhala yoberekera pamwamba pa chitenje, ikulitseni ifike 100 mbali zonse ndipo muwonjezere ulusi. Gulani wonse nthawi imodzi. Pa kapepala pali nambala ya mtundu ndi nambala ina ya lot, yosonyeza ulusi umene unanyikidwa mu utoto limodzi. Kuno timalukira kwambiri Elle ndi Charity, ndipo ngakhale pa amenewa, lot ikasiyana mzere umaoneka pa shawelo mukaitulutsa padzuwa.

Membala wobisa dzina

Ndili ndi mipukutu 3 yokha, ndipo kumene ndinagula mtunduwo unatha.

Mchemwali wa ku Johannesburg

Musavutike kusaka wofanana. Gulani woyera kapena wa mtundu wosiyaniratu, koma ukhale DK ndi acrylic womwewo, muluke mizeremizere mosinthanitsa. Moss stitch imakongola kwambiri ndi mitundu iwiri. Posintha mtundu musamange mfundo n'kudula pafupi, imamasuka pochapa. Siyani mchira wa masentimita 15 ndipo muusokerere m'kati mwa maluko ndi singano yosongoka pang'ono, kupita uku n'kubwerera.

Bambo wa ku Mangochi

Pepani amayi kuti ndalowerera, ine ndimagulitsa kaunjika ndipo mayi a kunyumba amaluka. Ulusi wa thonje wa m'sitolo ukakukwererani mtengo, majuzi a pa kaunjika amamasulika. Tembenuzani juzi muone msoko. Ngati zidutswa zake zinalumikizidwa ndi kamsoko kooneka ngati tcheni, imamasuka ulusi wautali. Ngati m'mphepete munadulidwa n'kupanidwa ndi makina, isiyeni, mungotola tizidutswa. Kuti mudziwe mtundu wa ulusi ngati kapepala kanachoka, dulani kachidutswa muyatse ndi machesi panja. Thonje limanunkha pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa. Ubweya wa nkhosa umanunkha tsitsi lopsa. Acrylic amasungunuka n'kusiya kanthu kakuda kolimba. Mukamasula, kulungani ulusiwo pa nsana wa mpando, mangani malo angapo, chapani bwinobwino ndi kuyanika kuti makwinya awongoke. Za khanda musatenge juzi ya ubweya wautali wothothoka.

Mayi wa ku Mzuzu

Zoona bambo, ndipo wa nkhosa ana ena umawayabwa, komanso umafota ukachapidwa ndi madzi otentha. Kumudzi ungavute kusamala.

Asisi, kachipewa musakaluke mongoyerekeza. Mutu wa khanda lobadwa masiku okwana umazungulira masentimita 33 mpaka 36. Yambani pakati, muziwonjezera masitichi mpaka kabwalo kafike masentimita 10 kapena 11 kuchoka mbali ina kufika inzake, kenako lekani kuwonjezera, muzingozungulira mpaka kutalika kufike 12 kapena 13 kuchoka pansonga. Tinsapato phazi lake likhale masentimita 9. Poti thonje silitamuka, kachipewa kachiwiri kamene agogo anena mukakulitseko pang'ono, mutu wa khanda suchedwa kukula.

Membala wobisa dzina

Ambuye akudalitseni nonse. Ndamasula mpaka pa tcheni yoyamba, ndayamba moss stitch ndi singano ya 4.5 mm, ndipo mapini ali m'mbali zonse ziwiri. Loweruka ndipita kukasaka woyera ndi wa thonje. Anamwino, za mbaula ndawaimbira kale alamu anga, ati amva. Funso lina laling'ono: ndikamaliza ndichape ndisanatumize, kapena akachape okha kumeneko?

Mayi woluka zogulitsa, Lilongwe

Chapani nokha. Ulusi wadutsa m'fumbi la m'sitolo ndi m'manja mwanu masabata onsewa, komanso mpamene mudzaone ngati mtundu ukusuluka kapena mchira wina ukutuluka. Madzi ofunda pang'ono, sopo wosanunkhira kwambiri, osaika jiki. Ikauma ndithu muiike mu jumbo yoyera n'kumanga, kapepala ka kachapidwe kali m'kati momwemo.