Tabwerera ndi CV ya mng'ono wanga ija

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chake mng'ono wanga, yemwe ali ndi dipuloma ya akaunti, sakuitanidwa ku intavyu ngakhale akutumiza makalata ambiri. Zikomo nonse amene munayankha. Mayi ena a ku Matawale, omwe ntchito yawo ndi yosankha anthu ofunsira ntchito, anavomera kuiona CV-yo.

Anayamba ndi kutalika. Masamba asanu, kuyambira ku pulayimale mpaka mudzi, T/A ndi mpingo. Anati awiri akwana, maphunziro ndi ntchito zaposachedwa zikhale pamwamba, MSCE itsikire pansi.

Chomwe chinandiwawa ine ndi nkhani ya ma referee, anthu amene umawalemba pa CV kuti abwana akawafunse za iwe. Mwa atatuwo, mmodzi nambala yake inasiya kugwira kalekale, wina sankadziwa n'komwe kuti dzina lake linaikidwa. Tangoganizani abwana akuimba foni, munthu n'kuyankha kuti, "Ameneyo ndani?" Mwayi umathera pomwepo iwe uli phee kudikira kunyumba. Pano mng'ono wangayo wawaimbira onse, wawapempha kaye, ndipo wawauza ntchito imene akufunsira.

Zaka ziwiri zomwe anagwira mu shopu ku Chinamwali analemba kuti "kuthandiza". Kuthandiza chiyani? Tsopano walemba kuti ankalemba mabuku a ndalama tsiku lililonse ndi kuwerenga katundu kumapeto kwa mwezi.

Imelo ya dzina lamasewera la ku sekondale tasintha, ndipo CV ikupita ngati PDF, osati chithunzi chojambula pa foni.

Sabata ino watumiza ziwiri. Akayankha ndidzakuuzani.