Thandizeni: kachitsamba ka m'phiri kophimba nthaka pakhomo

Abale pagulu pano, ndili ku Dedza chakumunsi kwa phiri. Kuseri kwa nyumba yanga nkotsetsereka ndiye mvula ikagwa dothi lonse limathera pakhonde la aneba, tayambanapo kale kawiri kkkk. Kapinga ndinayesa koma June ndi July kuzizira kwa kunoku amangofiira ngati wapsa, madzi othirira nawonso ndi a bilu. Tsono pali kachitsamba kena kamamera kokha m'mbali mwa njira yokwera kuphiri, sikapitirira m'mawondo, kamayanga pansi, timaluwa tapepo njuchi zili wowowo, palibe amakathirira koma chaka chonse kalipo. Mu Ogasiti ndinazula titatu ndi khasu nkudzala, sabata ziwiri tonse gwaa kuuma. Ndinalakwitsa pati? Njere kapena nthambi?

Mayi wa ku Bembeke: Achimwene Ogasiti munthu kumazula chomera? Mizu yake imapita pansi kwambiri, khasu linadula. Dulani nthambi zanthete zotalika ngati chikhatho, chotsani masamba am'munsi, zikani m'machubu a mchenga wosakaniza ndi manyowa owola bwino, ikani pamthunzi cha mu Okutobala muzithirira pang'ono pang'ono. Mudzawokere mu Disembala mvula ikakhazikika. Zina zidzafa ndithu ndiye zikani zambiri.

Bambo wa ku Lizulu: Kaye tumizani chithunzi. Ngati tsinde lili ndi timinga ndipo kamabala tizipatso takuda ameneyo ndi lantana, si wakwathu anachokera ku America, akalowa pakhomo simumuthanso ndipo ng'ombe zikadya zimadwala.

Wofunsa: Ayi bambo minga kalibe, lantana ndimamudziwa ndi fungo lake lija.

Mlongo wina: Komanso phirilo ndi nkhalango yotetezedwa, a zankhalango akakupezani ndi khasu muli m'madzi. Tengani nthambi kwa kamene kamera kumunda kapena m'mphepete mwa msewu. Dzina akhoza kukuuzani a ku koleji ya zankhalango ku Chongoni, pafupi pomwepo.

Bambo wa ku Lizulu: Koma kokhako chaka choyamba sikagwira dothi. Dzalani mzere wa vetiva kumtunda mopingasa, madzi azifika atafooka. Mukaphimbira ndi udzu muziyang'ana chiswe, kwathu chinandidyera mbande zonse.

Wofunsa: Zikomo nonse, machubu ndigula Loweruka. Nanga mbuzi za aneba omwe aja, zimadya kameneka?