Nsapato za basketball zogwira bwino akakolo: zazitali kapena zazifupi?

Makochi ndi osewera anzanga, ndithandizeni maganizo. Wosewera amene anabinyapo kakolo kawiri, ndipo amasewera pa bwalo la simenti katatu pa sabata, agule nsapato zotani?

Ambiri amati high-top, nsapato yayitali yophimba kakolo, ndiye imateteza. Koma kawirikawiri munthu amabinya akadumpha n'kutera pa phazi la mnzake, phazi lake n'kupindikira mkati, ndipo nsalu yofewa yozungulira kakolo singaletse zimenezo. Mwa akatswiri a basketball a ku America, Kobe Bryant ankasewera ndi low-top (nsapato yaifupi) kuyambira pa nsapato yake ya Nike yotchedwa Kobe 4, pomwe Stephen Curry amavala brace, chomangira cholimbitsa kakolo. Ine ndikuona kuti chachikulu ndi kumbuyo kwa nsapato: ukakufinya ndi zala kusabonyoke, chidendene chisamatuluke ukamanga zingwe mpaka bowo lomaliza. Soli nayo ikhale yotambalala cha kuchala chaching'ono, isakhale yokwera kwambiri, chifukwa phazi likatalikirana ndi pansi limapendekeka msanga. Kodi ndikulakwitsa?

Pa simenti mphira wofewa umatha msanga, mizere ikafufutika nsapato imaterereka. Alipo amene anayesapo mphira wolimba wa XDR wa Nike? Umapirira miyezi ingati?

Nanga za pa kaunjika? Zambiri zimaoneka bwino pamwamba koma soli inadyeka mbali imodzi, ndipo yotereyi imapendeketsa phazi. Mumaziyesa bwanji musanapereke ndalama?

Komanso ngati avale brace, awonjezere theka la saizi, kapena angosiya mpata wa chala chimodzi kutsogolo monga mwa nthawi zonse?