Tintchentche ta pa nthochi tadzuka titagona mufiriji, zatheka bwanji?

Nachizitumbuwa: Abale ndithandizeni. Dzulo ndinaponya mufiriji nthochi zakupsa kwambiri zili m'jumbo, osadziwa kuti muli tintchentche tija ta maso ofiira. M'mawa ndapeza tili gada, miyendo m'mwamba. Ndati tafa basi, ndakutumulira patebulo. Tiyi asanawire tiwiri tadzuka n'kuuluka, tina tazengereza, tina mpaka pano tili chigonere. Jumbo imodzi, kuzizira kumodzi. Kusiyanaku kukuchokera pati?

MphunzitsiWaBayoloje: Mayi, mwachita mwangozi zimene akatswiri amachita dala. Amaika kantchentche komweka, kotchedwa Drosophila melanogaster, pa ayezi maola angapo, kenako n'kumawerenga mphindi mpaka kaimirire. Msinkhu ndi njala zimasokonezako ndithu, koma mbali ina ndi majini, malangizo a m'thupi otengera kwa makolo. Kum'mawa kwa Australia, ta ku Tasmania kozizira timatsitsimuka msanga kuposa ta kumpoto kwa Queensland, pomwe ta kotenthako n'tolimba pa kutentha. Mukatiweta m'mabotolo m'chipinda chimodzi kwa mibadwo ingapo, kusiyanako sikuchoka. N'zakumtundu.

WaKuChipata: Aphunzitsi mwathamangira kutali, chonsecho kwawo kwa kachilomboka ndi kuno. Ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba ku Zambia, akatswiri anawerenga DNA (momwe mumakhala majini) ya tintchentche pafupifupi 200, ndipo majini ake ndi osiyanasiyana kuposa ta ku Ulaya ndi America. Chifukwa chake n'chakuti tomwe tinatuluka mu Africa zaka zoposa 10,000 zapitazo tinali kagulu kochepa, tinangonyamula gawo chabe la chumacho. Mu 2018 ena analemba za tam'tchire ku Matobo, Zimbabwe, tikukhamukira pa zipatso za mfula. Ineyo chimandikoma n'chimenecho: kanthu kodzaza malabu a dziko lonse, kwawo n'kupansi pa mfula.

Mlimi_wa_mango: Nanga bwanji ndikapopera mankhwala sitikutha? Ndi majini omwewa?

MphunzitsiWaBayoloje: Bambo, zoboola mango anu ndi ntchentche zina, zokulirapo. Timeneti timatsata zoola kale. Koma nkhani ya mankhwala ilipo. Mu 2002 anapeza kuti kachidutswa ka DNA kotchedwa Accord kakakhala kutsogolo kwa jini ya Cyp6g1, thupi limapanga mphamvu yambiri yophwanyira poizoni, ndiye mankhwala ophera tizilombo a DDT satipha msanga. Kunja kwa Africa pafupifupi tonse tili nako, kuno ayi, tina tili nako tina tilibe.

Nachizitumbuwa: Zikomo aphunzitsi. Ndabwerera kukhitchini, totsala tija tatu tokha ndi tomwe sitinadzuke, ndasesa. Nthochi ndakazingira zitumbuwa, ana sanafunse n'komwe.